Munda Uno Ndinauswa ndi Manja Anga

Anthu a kuno amanditchula kuti aNabanda. Kwathu kwenikweni ndi ku Nathenje, m'mudzi wa amayi anga, kufupi ndi msewu waukulu wopita ku Dedza. Amayi ankawerengera zaka zanga kuchokera pa njala ya 1949, chifukwa ndi chaka chimene anandibereka, iwo akudya gaga ndi mizu, ine ndikuyamwa bere louma. Koma moyo wanga wonse wauchembere ndakhala kuno, kupitirira Mitundu, m'tsinde mwa mapiri a Dzalanyama. Ndinafika kuli thengo lokhalokha. Ndikufuna kunena momwe tinatsegulira malo ano, zimene zinatigwera, ndi momwe ndinatsala pang'ono kuchotsedwa pa munda umene ndinauswa ndi manja anga.

Nditakwatiwa, abambo a ana anga anabwera kudzakhala pachikamwini monga mwa mwambo wathu wa Achewa. Vuto linali malo. Amayi anabereka ana aakazi ambiri, ndipo aliyense akakwatiwa, atsibweni ankamudulira ndime pa munda womwewo. Pofika ine, chotsala chinali kandime kotopa, kodzaza kaufiti. Nkhokwe inkauma mvula isanagwe n'komwe. Mu 1969 abambo anamva kwa anzawo ogulitsa ng'ombe kuti kumalire kwa nkhalango, kuseri kwa Mitundu, mafumu akulandira anthu ofuna minda. Ankhoswe atakhala pansi, atsibweni anayamba ndi kukana.

"Akamwini, mbumba yangayi mukufuna mukaidyetse afisi?"

Abambo anawomba m'manja ali chogwada. "Wawa apongozi, njala ya panoyi ndi fisinso, kungoti imadya mwakachetechete."

Atsibweni anaseka, kenako analola.

Tinanyamuka titakolola. Katundu wathu yense anakwana pa ngolo imodzi yobwereka: mtondo ndi munsi, miphika, mtsuko, mphasa, makasu, nkhwangwa, dengu la mbewu ya chimanga chamakolo, ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Mwana wachisamba anali kumsana. Tinadutsa m'munsi mwa phiri la Bunda, pamene sukulu ya zaulimi inali itangotsegulidwa kumene, n'kukagona pa Mitundu. Kuchokera apo msewu unanka nuchepa mpaka unasanduka kanjira ka ng'ombe. Mwini ngolo anatitsitsa pomwepo n'kubwerera, otsalawo tinasenza pamutu.

Amfumu a mudzi womaliza anatilandira bwino. Tinapereka nkhuku, iwo anatenga ndodo n'kutitsogolera kuthengo pamodzi ndi nduna zawo. Analoza mtengo wa kachere, analoza chulu chachikulu, analoza pamene dambo limayambira. "Pakati apa ndi panu, limani mudyetse ana. Koma uko musapyole, ndi nkhalango ya boma." Dzalanyama inakhazikitsidwa kukhala nkhalango ya boma mu 1922, nthawi ya atsamunda, ndipo mtsinje wa Lilongwe umachokera m'menemo. Kuseri kwa mapiriwo ndi ku Mozambique, kumene masiku amenewo tinkangoti kwa Apwitikizi. Tsiku limenelo palibe chimene chinalembedwa papepala. Mboni zathu zinali nduna, kachere ndi chulu.

Chaka choyamba tinagona mumsasa wa udzu. Abambo ankagwetsa mitengo ya mombo ndi muwanga, ine ndinkasadza nthambi, kuziunjika ndi kuzitentha. Koma kuswa mphanje si kugwetsa mitengo ayi, ntchito yeniyeni ili pa zitsa. Chitsa cha muwanga umachikumba mozungulira mpaka dzenje likufika m'chiuno, kudula mizu umodziumodzi, kenako kuchikankha ndi mtengo. Mwana ndinkamugoneka pamthunzi, diso limodzi pa khasu, lina pa iye, chifukwa njoka zinali zambiri. Zikhatho zinatuluka matuza, matuza anaphulika, mpaka manja anauma osamvanso kuwawa. Madzi ndinkatunga pachitsime chimene ndinakumba ndekha kudambo. Moto ukazima, kokapala kunali kutali, choncho chikuni chinkagona chikufuka usiku wonse.

Usiku sunali wogona. Afisi ankazungulira msasa, ndipo tsiku lina anathyola khola n'kutenga mbuzi yathu yoyamba ife tikumva. Chimanga chitayamba kubereka, nguluwe zinkabwera usiku, anyani masana. Tinamanga chilindo pakati pa munda. Abambo ankalonda usiku ndi moto ndi chitini choimba, ine masana ndi miyala. Anyani amadziwa kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Akaona chitenje sathawa msanga, amangosuntha pang'ono n'kumakuyang'ana. Ndinaphunzira kuvala chikhothi chakale cha abambo ndi chipewa chawo, n'kunyamula mtengo paphewa.

Komabe thengo lomwelo linatidyetsa. Mvula ikayamba kunali bowa wa utale, masuku, mphalabungu ndi ngumbi. Kudambo tinkakumba chinaka, abambo ankafula uchi. Nthaka inali yakuda, yonona, yosafuna feteleza. Chaka chachiwiri tinamanga nyumba ya mitengo, ndinaiphoma ndi kuizira ndekha, ndipo tinadzaza nkhokwe kwa nthawi yoyamba chikwatirane. Mabanja ena ochokera kwa Chadza ndi kwa Kalumba anatitsatira. Tinkathandizana ndi dima: lero ndaphika thobwa ndi mowa, onse alime kwanga, mawa tonse kwa mnzanga.

Mwana wanga wachiwiri ndinaberekera m'nyumba imeneyo, mothandizidwa ndi gogo wina wa m'mudzi wa amfumu amene anali mzamba. Atangoyamba kuyenda anadwala chikuku. Inali nthawi ya dzinja, mitsinje itadzaza. Tinamubereka kumsana kulowera ku chipatala cha mishoni ku Mlale, koma anatsirizika panjira, tisanafike n'komwe pamsewu wa galimoto. Tinabwerera naye. Ife tinalibe manda kuno, ndipo ku Nathenje kunali kutali. Amfumu anati, "Mwanayu wafera m'manja mwanga, agone ndi anthu anga." Adzukulu a m'mudzimo anakumba. Kuyambira tsiku limenelo maganizo obwerera kwathu anandichokera, chifukwa mayi sachoka pamene pagona mwana wake.

Zaka zimenezo boma linali pakalikiliki ndi chitukuko cha ulimi chotchedwa Lilongwe Land Development Programme, chimene chinayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank. Analambula misewu, anakumba mijigo ndi ngalande zoteteza nthaka, ndipo alangizi ankayenda panjinga kutiphunzitsa kulima mizere yopingasa. Tinalowa kalabu, tinatenga feteleza pangongole, tinadzala mtedza wa chalimbana ndi fodya wa chikopa. Zokolola tinkakagulitsa ku msika wa ADMARC pa Mitundu. M'madera ena a Lilongwe ankayezanso minda ndi kuilemba m'kaundula m'dzina la mtsogoleri wa banja. Ife tinkangomva ngati nkhani ya eni mudzi. Mawu a amfumu anali otikwanira.

Ngongole ndi msonkho zitatipanikiza, abambo analembetsa ku Wenela n'kupita kumigodi ya ku Joni. Anandisiya ndi ana aang'ono, mimba, ndi theka la munda likadali ndi zitsa. Theka limenelo ndinazula ndekha. Kulonda nguluwe usiku, kumanga nkhokwe, kufolera denga, kupachika fodya m'chigafa ndi kusonkhezera utsi wake, zonse zinali zanga. Mu April 1974 tinamva pa wailesi ya mnzathu kuti ndege yonyamula anthu a Wenela yagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo anthu oposa 70 afa, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo. Abambo anali atalemba kalata kuti kontirakiti yawo ili pafupi kutha. Ndinkalima masana, usiku n'kumalira chamumtima kuti ana asamve. Kamuzu analetsa zolemba anthu opita kumigodi chifukwa cha ngoziyo, ndipo amuna anayamba kubwerera. Abambo anatulukira madzulo ena akukankha njinga yatsopano, atanyamula bulangeti ndi wailesi. Anabweranso ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa.

Cha m'ma 1986 nkhondo ya ku Mozambique, ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, inafika poipa m'chigawo cha Tete. Anthu anayamba kutsika m'mapiri, ena atasenza mitolo, ena chimanjamanja. Chilankhulo chawo chinali chathu chomwechi, mafuko awo a Phiri, a Banda, a Mbewe. Dziko lonse la Malawi linasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Pakhomo panga panafika mayi wina ndi ana, mwamuna wake ataphedwa iye akuona. Ndinakumbukira tsiku limene ndinatsika pangolo ndi mwana kumsana. Ndinamupatsa khitchini kuti azigonamo ndi ndime m'mphepete mwa dimba. Tinasinja mumtondo umodzi zaka zingapo, tinapirira limodzi chilala cha 1992 pamene tinkadya chimanga chachikasu chothandizidwa. Mtendere utasainidwa ku Rome mu October chaka chomwecho, anthu anayamba kubwerera pang'onopang'ono, iyenso anapita.

Zaka zotsatira, Edzi inalowa m'midzi. Inanditengera mwana wamkazi ndi mwamuna wake, n'kundisiyira zidzukulu. Ndinayambiranso kulera ndili ndi imvi.

Kenako inafika njala imene sindidzaiwala. Mvula ya kumayambiriro kwa 2001 inachuluka mpaka chimanga chinachita chikasu m'madzi. Feteleza ndi mbewu zaulere za sitata paki, zimene poyamba zinkafika pafupifupi pakhomo lililonse, zinali zitachepetsedwa. Chimanga chosungidwa m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa. Pofika Khirisimasi nkhokwe zathu zinali gwa, ndipo mtengo wa chimanga pamsika unakwera kangapo konse kuposa wa nthawi yokolola. Tinagulitsa mbuzi pamtengo wa nkhuku. Inapita njinga ya ku Joni, inapita wailesi, anapita malata a padenga. Tinadya gaga, gaga atasowa tinadya nkhwani wopanda nsima, kenako tinakumba zitsa za nthochi, kuzisinja, kuziyanika ndi kuphika phala lake. Ogulitsa ena ankasakaniza gaga ndi utuchi.

Anthu anayamba kutupa miyendo ndi nkhope. Kolera inabweranso pamwamba. Maliro ankachitika opanda nsima, adzukulu ankakumba manda osaya chifukwa mphamvu zinalibe. Chisoni chinatha pakati pa anthu. Wogwidwa akuba chimanga chachiwisi m'munda ankamenyedwa koopsa, ena kudulidwa makutu kapena zala, chonsecho ndi mwana wa mnzako amene wakulira pakhomo pako. Kumapeto kwa February 2002 pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pangozi ya njala, koma kwa ife akumalire thandizo linali lisanafike.

Abambo anali atagona, chifuwa chija chitakula. Ndikawapatsa phala ankangolawa n'kukankhira mbale kwa zidzukulu. "ANabanda, apatseni anawa, ine ndadya kale zaka zanga." Ndinaona kuti tikangokhala, nyumba yonse itha. Amayi angapo tinapangana zodutsa m'nkhalango kupita ku Mozambique, kumene tinamva kuti kuli chimanga ndipo akulembako ganyu. Tinanyamuka mbandakucha, makasu paphewa, m'mimba muli madzi okha. Tinkaponda mokhamokha modutsa ng'ombe, poopa mabomba okwirira otsala pankhondo. Mnzathu wina anakhala pansi pa mtengo pokwera phiri nati tipitirire atipeza. Pobwerera tinapeza atamwalira pomwepo.

Kutsidyako ndinafunsa dzina la mudzi wa mayi uja mpaka ndinamupeza. Poyamba sanandizindikire, ndinali mafupa okhaokha. Atandizindikira anagwa pansi n'kulira. Anandiphikira phala lamadzimadzi, nandiletsa nsima, chifukwa munthu wanjala akadya nsima yolimba mwadzidzidzi amatha kufa. Kenako anati, "Amnzanga, inu munandipatsa ndime ndilibe kanthu. Palirani nawo anzanuwa kuti pasakhale zonena, koma dengu lanu ndidzaza ndine." Ndinabwerera nditasenza chimanga ndi ufa wa chinangwa. Zidzukulu zonse zinapulumuka ndi chakudya chimenecho. Abambo okha anali atafooka kopitirira. Anamwalira mu March, chimanga cha m'munda mwathu chitangoyamba kukhwima, ndipo tinawaika pafupi ndi mwana wathu uja.

Ndinkaganiza kuti mavuto athera pamenepo. Titangometa, kunabwera anthu a ku banja la eni mudzi. Amfumu amene anatilandira anali atamwalira kalekale. Anthu anali atachuluka, thengo lonse litasanduka minda, ndipo chiyambire pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale m'zaka za m'ma 1990, aliyense ankafuna malo owonjezera. Anakhala pakhonde n'kunena mwaulemu ndithu: "Mayi, pepani ndi zovutazi. Koma malo ano agogo athu anabwereka malemu. Poti iwo apita, inu muli ndi kwanu ku Nathenje."

Ku Nathenje ndikanapita kwa yani? Amayi ndi atsibweni anali atamwalira, ndime yanga ija anagawana ana a abale anga. Kumeneko ndinali mlendo, kunonso ankanditcha wobwera. Mwambo wathu umateteza mkazi amene wakhala pamudzi wa amayi ake. Mwamuna wotenga mkazi chitengwa nayenso ali pa malo a makolo ake. Koma banja limene linapita kukatsegula malo atsopano, mwamuna akafa, mkazi amatsala poyera.

Nkhani inapita kubwalo la agulupu. Ana anga aamuna ankafuna kuyankhula ndi ukali, ndinawakhazika pansi. Ndinagwada n'kunena ndekha.

"Wawa mfumu, ine sindidziwa kulemba, pepala ndilibe. Koma afunseni awa akufuna mundawa kuti pamene pali nkhokwe yanga panali mtengo wanji. Anene chitsa chimodzi chimene anazula. Ine ndikuuzani mtengo uliwonse umene unali m'menemo, chifukwa theka lake ndinazula amuna anga ali ku Joni. Ngati munda anabwereka malemu okha, nanga manja awa ankalima kwa yani? Ndipo ngati ndichoke, mundilole ndifukule mwana wanga ndi amuna anga ndipite nawo, chifukwa ndi amfumu anu omwe ananena kuti agone ndi anthu awo."

Bwalo linakhala chete. Mwayi wanga unali wakuti nduna imodzi mwa zija zinaloza malire inali ikadali moyo, nkhalamba yosaona. Anaitenga panjinga. Inatchula kachere, inatchula chulu, inatchula dambo, ndipo inati mawu a tsiku lija anali akuti "ndi panu", sanali akuti "tabwerekani". Agulupu anagamula kuti munda wakumtunda ndi wanga ndi ana anga, koma dimba libwerere kwa eni mudzi kuti pakhale mtendere. Dimba limenelo ndi lija ndinakumbamo chitsime choyamba. Ndinawomba m'manja n'kuvomera, chifukwa amayi ena amasiye a m'dera lino anachoka opanda ngakhale mzere umodzi.

Lero ndakalamba, ndimalima pafupi ndi nyumba basi. Kachere uja anadulidwa, chulu anaumbira njerwa. Nduna ija inamwalira. Zikanakhala kuti mlandu uja wabwera lero, mboni zanga zonse palibe. Nkhalango imene inatidyetsa nayo yaperepeseka. Usiku ndi m'mawa njinga zimatsika zitasenza matumba a makala kupita mumzinda wa Lilongwe, womwenso umamwa madzi ochokera m'mapiri omwewa kudzera m'madamu a ku Malingunde. Mu 2015 boma linatumiza asilikali kudzalonda nkhalangoyi. Oyendetsa njingazo ena ndi zidzukulu zathu, ana opanda minda, ofanana ndi momwe ine ndinalili ku Nathenje, koma iwo alibenso thengo lina loti akatsegule. Bowa wachepa, chitsime chimaphwa msanga, ndipo nthaka yakuda ija tsopano siibereka popanda feteleza.

Mdzukulu wanga amene anaphunzira anandifotokozera kuti malamulo anasintha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola munthu, mwamuna kapena mkazi, kulembetsa munda wake, ndipo m'komiti yoona za malo m'mudzi, mwa anthu 6 osankhidwa, osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Zimenezi n'zabwino, koma amayi ambiri a kumalire kuno sanazimvepo, ndipo lamulo limene munthu salidziwa silimuteteza.

Choncho ndikupempha mafumu athu a ku Mitundu, ku Nathenje ndi madera onse ozungulira: mukamaweruza za malo, muzifunsanso amene anazula zitsa, osangofunsa amene anabadwira pamudzi. A boma abwere ndi kalembera wa minda mpaka kuno kumapeto kwa msewu, afotokoze m'Chichewa chomveka, pamtengo woti mayi wamasiye angathe. Ndipo inu amayi anzanga, makamaka amene muli pachitengwa kapena pamalo opatsidwa, musadikire maliro. Kambiranani ndi amuna anu akadali moyo, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi amfumu, malire aloze ana anu akuona, ndipo polemba dzina la mwini munda, lanu likhalepo.